Nyumba zogona ophunzira za Chikatolika ku Mzuzu: mafunso ndi mayankho

Mayina a osankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede akangotuluka, nthungululu za pakhomo zimatha masiku ochepa, kenaka pamabwera funso lakuti mwanayu azikagona kuti. Ku Mzuzu funsoli ndi lolemera, chifukwa malo ogona a pa Mzuzu University (Mzuni) sakwanira onse, ndipo ambiri amakachita lendi ku Luwinga, ku Area 1B ndi madera oyandikira. Enanso ali ku St John of God College of Health Sciences, ku sukulu ya anamwino ya St John's, ku Mzuzu Technical College ndi ku University of Livingstonia. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene makolo ndi ophunzira amafunsa akamva za nyumba yoyendetsedwa mwa Chikatolika.

Kodi nyumba yotereyi ikusiyana bwanji ndi hositelo wamba?

Makoma ake ndi omwewo. Kusiyana kuli pa zinthu zitatu: pali ndondomeko ya tsiku imene onse anagwirizana, pali munthu wamkulu wodziwika amene amayankha za nyumbayo, ndipo pali nthawi yopemphera pamodzi. Nyumba zotere zimakhala zamitundu ingapo. Ina imakhala ya chipani cha asisteri kapena abulazala, ina ya parishi kapena dayosizi, ndipo ina imakhala ya lendi basi, imene ophunzira Achikatolika achita kusonkherana n'kupempha bambo mlangizi, wansembe wothandiza ophunzira pa zauzimu, kuti aziwayendera.

Si maganizo achilendo mu Mpingo. Buku la malamulo a Mpingo la 1983, pa lamulo 813, limauza episkopi kuti asamalire ophunzira a m'mayunivesite, ngakhale a yunivesite imene si ya Chikatolika, powapatsa ansembe ndi malo owathandiza, makamaka pa zauzimu. Koma mtanda wopachikidwa pabalaza kapena dzina la woyera lolembedwa pageti si umboni. Landilodi aliyense angathe kugula utoto. Funsani ku ofesi ya parishi kapena kwa bambo mlangizi wa ophunzira ngati nyumbayo akuidziwa.

Sindikufuna unsembe kapena usisteri. Sakandikokera kumeneko?

Ayi. Iyi si seminale. Mwabwera ku Mzuzu kudzatenga digiri kapena dipuloma, ndipo nyumba yabwino imadziwa zimenezo. Wina akamva kuitanidwa ali komweko, pali ansembe ndi asisteri oyang'anira za mayitanidwe amene angakambe naye payekha.

Nanga amene si Mkatolika amaloledwa?

Kawirikawiri inde, malo akakhalapo. Kumpoto kuno a CCAP ya sinodi ya Livingstonia ndi ambiri, ndiye si zachilendo kupeza Mkatolika, wa CCAP, wa Seventh Day ndi Msilamu akudyera mbale imodzi. Malamulo a Mpingo amaletsa kukakamiza munthu kulowa Chikatolika. Chimene mungapemphedwe ndi kulemekeza nthawi ya mapemphero, osatsegula wailesi kapena kukazinga usipa anzanu ali pa kolona. Ku Misa mutha kupita, koma Ukaristia simulandira, ndipo zimenezi si kukunyozani.

Zofunika kukambirana tsiku loyamba ndi izi: wa Sabata asaikidwe pa ntchito ya Loweruka, ndipo ngati m'nyumba muli wosadya nkhumba, poto wake ndi mpeni wake zikhale zapadera. Zikasiyidwa kuti "tiona pomwepo" zimadzabala chidani.

Tsiku limayenda bwanji?

Nyumba iliyonse ili ndi kachitidwe kake, koma ndondomeko imene imapirira semesita yonse imakhala yopepuka. Pemphero la m'mawa cha m'ma 5:45, la mphindi 10: salimo limodzi ndi Uthenga Wabwino wa tsikulo. Masana aliyense ali ku kalasi. Chakudya chamadzulo amadyera pamodzi cha m'ma 6:30. Kuyambira 7:30 mpaka 10:00 ndi nthawi ya chete: foni ikalira mukayankhire panja. Kenaka pemphero la usiku lalifupi, geti n'kutsekedwa. Lamulungu Misa, ndipo kamodzi pa sabata pamakhala kugawana Mawu a Mulungu monga zimachitikira kumphakati (kagulu ka Akatolika a dera limodzi), kosapitirira ola limodzi.

Zimene zimalakwika n'zodziwika. Atsogoleri achangu amayamba semesita ndi mapemphero a 4 koloko m'mawa, kolona madzulo, kwaya katatu pa sabata ndi mbindikiro mwezi uliwonse. Pofika sabata yachisanu anthu akuodzera m'kalasi, theka la nyumba likubisala m'zipinda, ndipo otsalawo ayamba kuwaona anzawo ngati akunja. Zokakamiza zikhale zochepa kwambiri, zina zonse zikhale za wofuna. Ophunzira za unamwino ndi zachipatala ali ndi mashifiti a usiku, ndiye lamulo la geti liwaganizire, ndipo akabwera m'mawa asadzutsidwe kuti akakolope.

Pa maphunziro penipeni, nyumbayi ingandithandize chiyani?

Choyamba ndi chinthu chimene ambiri amachipeputsa: tebulo, mpando ndi chete. M'chipinda cha lendi cha anthu anayi, wina akuphika, wina ali pa foni ndi chibwenzi, wina akuonera mpira, munthu amawerenga atagona pabedi ndipo tsamba lachitatu limamupeza ali m'tulo. Nyumba yolongosoka imapatula chipinda chimodzi chowerengera, chokhala ndi nyali ziwiri kapena zitatu zotchaja kapena za sola kuti magetsi akazima ntchito isaime. Amene anali ku Mzuzu mu Disembala 2015, pamene laibulale ya pa Mzuni inapsa, anaona mmene mabuku ochepa osungidwa m'nyumba za ophunzira amasandukira chuma. Shelefu ya mabuku, manotsi ndi mapepala a mayeso akale amene omaliza amasiya, yokhala ndi kope lolembamo wobwereka, ndi yamtengo wapatali kuposa TV.

Chachiwiri ndi kulumikiza wachaka choyamba ndi wamkulu wa pulogalamu yake kapena yofanana nayo. Wamkuluyo sakhala mphunzitsi. Ntchito yake ndi kuonetsa mng'ono wake mmene amalembetsera makosi, mmene magiredi a ntchito za m'kati mwa semesita amaphatikizidwira ndi mayeso omaliza, ndi mmene amatchulira mabuku amene watengamo mfundo kuti asagwidwe ndi mlandu wokopera. Akumane mphindi 30 pa sabata. Pa sabata yachinayi kapena yachisanu, zotsatira za mayeso oyamba zikatuluka, akhale pansi aone kosi imene yayamba kuterera. Pamenepo mpata wopita kwa alekichala ukadalipo. Wodikira mwezi womaliza amangokonzekera sapu (mayeso obwereza a kosi imene walephera), ndipo masapu akachuluka nkhani imakhala ya kubwereza chaka kapena kuwidedwa, kutanthauza kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera.

Magulu okambirana akhale a anthu 3 mpaka 5, aliyense abwere atawerenga kale, ndipo agwiritse mafunso a mayeso akale. Gulu la anthu 12 limasanduka msonkhano, wolankhula m'modzi ena akungogwedeza mitu.

Pali msampha umodzi umene umagwira ophunzira opemphera. Wina amakhala wapampando wa kwaya, mlembi wa bungwe la ophunzira Achikatolika, wa Legio ya Maria komanso wowerenga Mawu, n'kumaganiza kuti Mulungu adzamukumbukira m'chipinda cha mayeso. Novena siwerenga Calculus. Lamulo labwino ndi udindo umodzi pa munthu, wachaka choyamba asapatsidwe udindo semesita yoyamba, ndipo masabata awiri mayeso asanayambe zochitika zonse ziime kupatula Misa ndi pemphero lalifupi. Wofuna chitsanzo sapita kutali: Ambuye John Ryan, amene anakhala episkopi wa dayosizi ya Mzuzu mu 2016, anali mphunzitsi wa masamu pa Mzuni pomwepo.

Ndikapita kukaona nyumba ndiyang'ane chiyani ndisanalipire?

Pitani nokha kapena tumani wachibale amene mumamukhulupirira, ndipo musatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene mwangomuona pa WhatsApp. Nyengo yotsegulira sukulu akamberembere amachuluka, ndipo chipinda chimodzi amachigulitsa kwa anthu asanu.

Mukafika, yambani ndi mtunda. Yendani wapansi kuchoka pa nyumbayo kufika pageti la sukulu muwerenge mphindi. Zikapitirira 25 kapena 30, dziwani kuti nthawi ya mvula muzilipira kabaza, ndipo Mzuzu mvula yake imakhalitsa. Onaninso ngati njirayo ndi yoyendeka usiku pochokera ku laibulale.

M'chipinda, musakomedwe ndi penti watsopano. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Sunthani bedi muone khoma lakuseri ndi m'makona. Madontho akuda ndi fungo la chuku ndi chizindikiro cha chinyezi, chimene chimaononga mabuku, zovala ndi chifuwa. Yang'anani kudenga ngati pali mabala a madzi odontha. Tukulani matiresi muone m'misoko: timadontho takuda ngati ta inki ndi ndowe za nsikidzi. Yesani loko wa chitseko ndi zitsulo za pawindo, chifukwa malaputopu amatuluka pawindo anthu ali ku Misa.

Kenaka werengani anthu ndi zimbudzi. Chimbudzi chimodzi ndi bafa imodzi zikatumikira anthu opitirira 8, m'mawa uliwonse mudzakhala mzere ndi mikangano. Tsegulani mpopi muone mphamvu ya madzi, ndipo funsani kumene amasunga madzi mpopi ukauma. Funsani ngati mita ya magetsi ndi ya nyumba yokhayo kapena akugawana ndi ena, monga shopu kapena saluni ya landilodi. Mita yogawana ndiyo gwero la milandu yambiri.

Pomaliza pemphani malamulo a nyumba olembedwa ndi pangano la lendi. Pakhale polemba ndalama ya pamwezi kapena pa semesita, zimene ndalamayo ikuphatikiza, dipoziti ndi mmene imabwezedwera, komanso zimene zidzachitike sukulu ikatsekedwa mwadzidzidzi. Landirani lisiti pa ndalama iliyonse. Ngakhale nyumbayo ndi ya Mpingo, lisiti si kusakhulupirira. Ndipo kambani ndi wophunzira amene akukhalamo kale, woyang'anira palibe.

Za chakudya ndi ndalama zimayenda bwanji?

Nyumba zina zimaphikira ophunzira, koma zambiri ophunzira amadziphikira. Kuphika mphika umodzi n'kotchipa kuposa aliyense ndi kapoto kake, bola pakhale kope. Poyambira kuwerengera, thumba la chimanga la makilogalamu 50 limafikitsa anthu 5 mwezi umodzi ngati akudya nsima kawiri pa tsiku, ndiye nyumba ya anthu 10 iyambe ndi matumba awiri n'kuona mmene mwezi woyamba uyendere. Chimanga chogula nthawi yokolola n'chotsika mtengo, koma chisungidwe pa matabwa, osati pa simenti, chothiridwa mankhwala kapena m'matumba a PICS osalowa mpweya, apo ayi anankafumbwe adzadya nanu. Nyemba, soya, mafuta, mchere ndi sopo mugule zambiri kamodzi; masamba, tomato ndi usipa ndi za pa sabata.

Makolo ambiri savutika kupereka zakumunda kusiyana ndi ndalama. Wa ku Karonga abwera ndi mpunga, wa ku Nkhata Bay ufa wa kondowole, wa ku Ntcheu mbatatesi kapena nyemba. Nyumba ivomereze zimenezi, iziwerengere mtengo wa pamsika wa tsikulo, ilembe m'kope.

Ndalama isasungidwe ndi munthu m'modzi pa foni yake. Pakhale msungichuma ndi wina wosainira naye, ndipo Lamulungu lomaliza la mwezi kope liwerengedwe pamaso pa onse. Msungichuma wakuba sapezekapezeka. Wochuluka ndi amene "anangobwereka" podikira kuti loni ituluke. Ngongole za bungwe la boma la Higher Education Students' Loans and Grants Board sizifika tsiku lotsegulira sukulu, choncho wodalira loni anene poyambirira, agwirizane tsiku lolipira, lilembedwe. Kathumba kapadera ka mnzanu wogwa m'mavuto, kosonkha pang'onopang'ono, n'kothandiza, koma amene wathandizidwa asalengezedwe pa msonkhano.

Mayunitsi a magetsi amatha msanga. Wolakwa amakhala ndani?

Kawirikawiri amene amakalipiridwa ndi wowerenga usiku, pamene wolakwa ndi mphika wa nyemba. Hotipuleti ya mawati 1,500 ikayaka maola 3 yadya mayunitsi 4.5. Babu la LED la mawati 9 loyaka maola 5 usiku uliwonse limatenga masiku 100 kuti limalize mayunitsi omwewo. Zodya magetsi ndi zotenthetsa: hotipuleti, ketulo, ayironi, hita ndi kachitsulo kotenthetsera madzi osamba. Vikani nyemba usiku wonse ndipo muziphike zambiri kamodzi. Zotenthetsazi musazilumikize ziwiri pa ekisitenshoni imodzi. Waya wake ndi wochepa, amatentha n'kusungunuka. Waya wongopisa mu soketi wopanda pulagi aletsedwe ndithu.

Kuzizira kwa Juni ndi Julayi tithana nako bwanji? Mbaula m'chipinda ndi yololedwa?

Bwerani ndi mabulangete awiri, juzi, chipewa ndi masokosi. Wochokera ku Chikwawa kapena Nsanje asamve za m'maluwa, Mzuzu imazizira zenizeni, ndi kamvula kowaza kamene kamaletsa zovala kuuma.

Mbaula m'chipinda chogona ayi, ngakhale kwa mphindi zochepa. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo ngati ali m'tulo sadzuka. Makala ofiira opanda utsi ndi oopsa chimodzimodzi. Mukapeza mnzanu ali choncho, tsegulani zitseko ndi mawindo, mutulutsireni panja, muthamangire naye kuchipatala ngakhale aoneke ngati watsitsimuka. Mzuzu Central Hospital ili mbali ya ku Luwinga komweko. Wofuna kufunditsa bedi athire madzi otentha m'botolo lolimba, alikulunge ndi nsalu.

Nsikidzi zikalowa?

Nyumba yonse ipoperedwe tsiku limodzi, osati chipinda chimodzi, chifukwa zimangosamuka. Zofunda zichapidwe ndi madzi otentha, matiresi ayanikidwe padzuwa, ming'alu ya mabedi ndi makoma imatidwe. Mubwereze pakatha masabata awiri, pakuti mazira amapulumuka mankhwala ndipo amaswa pakadutsa sabata kapena masiku 10. Musasake amene anazibweretsa.

Woyang'anira nyumba ndi bambo mlangizi ndi munthu m'modzi?

Asakhale m'modzi. Woyang'anira, kaya ndi matiloni, sisteri kapena bambo wina wodalirika, amasunga makiyi, amatolera lendi ndipo amapereka chilango. Bambo mlangizi amamva zakukhosi. Wophunzira sangaulule kuti anagona kunja kwa munthu amene mawa lake angamuthamangitse. Mpingo unaliona kale vutoli: lamulo 985 limati mkulu wa seminale kapena wa sukulu asamvetsere kulapa kwa ophunzira okhala naye nyumba imodzi, pokhapokha wophunzirayo atapempha yekha. Zimene zanenedwa mu sakramenti la kulapa sizituluka, ngakhale makolo kapena episkopi atafunsa.

Pansi pa woyang'anira pamakhala komiti ya ophunzira yosankhidwa chaka chilichonse. Chilango chiyende m'masitepe: kukambirana pawiri, chenjezo lolembedwa, kuitana kholo, kenaka kuchotsedwa. Kupatula pamene pali chiopsezo kwa ena, munthu asatulutsidwe usiku kapena m'kati mwa mayeso.

Moyo wanga wauzimu ukula bwanji kuposa kungopita ku tchalitchi Lamulungu?

Ambiri amafika ku yunivesite ndi chikhulupiriro cha pa ulimbitso, cha mwana wa zaka 12 kapena 13, n'kukumana ndi mafunso a munthu wamkulu. M'kalasi mukambidwa za chiyambi cha zamoyo, mnzanu wa mpingo wina akufunsani chifukwa chake "mumapembedza" Maria, wina akuitanirani kwa mneneri wopempherera zolembera mayeso. Nyumba yabwino imakhala ndi madzulo amodzi pa mwezi ofunsa mafunso otere kwa wansembe kapena sisteri wophunzira bwino, popanda woseka kapena wokalipa. Kukayika si tchimo lothamangitsira munthu.

Zina ndi zazing'ono zochita nokha. Musanagone, mphindi 10: thokozani pa chimene chayenda bwino, yang'anani pamene mwalakwira munthu kapena mwataya nthawi, pemphani chikhululukiro, sankhani chinthu chimodzi cha mawa. Kolona yathunthu ya mizere 5 imatenga mphindi 20, ndipo nyumba zambiri zimaichita pamodzi mu Meyi ndi Okutobala. Pa Lenti pali Njira ya Mtanda Lachisanu lililonse, ndipo kusala kudya kwa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera kumakhudza aliyense wokwana zaka 18, kutanthauza pafupifupi nyumba yonse. Amene simunalandire ulimbitso kapena Ukaristia woyamba bwerani ndi khadi lanu la ubatizo mulembetse ku parishi semesita yoyamba.

Musadzitsekere m'gulu la ophunzira okhaokha. Lowani mphakati wa dera limene mukukhala. Amayi ndi abambo a kumeneko ndi amene adzabwere ndi phala mukagonekedwa m'chipatala kwanu kuli ku Mulanje.

Chitumbuka sindichidziwa. Ndikatha kupemphera?

Mutha. M'tauni Chichewa chimamveka paliponse, ndipo m'maparishi a mumzinda, kuphatikizapo ku St Peter's Cathedral, mukafunsa adzakuuzani nthawi ya Misa ya Chingerezi. Komabe phunzirani. "Monire", "muli uli" ndi "yewo" zimatsegula makomo, ndipo popeza dongosolo la Misa ndi lomwelo, mayankho ake mumawagwira m'milungu yochepa. Radio Tigabane ya dayosizi imathandiza kuzoloweretsa khutu. M'nyumba, nyimbo ndi mapemphero zizisinthana zilankhulo. Chimene chiyenera kuyang'aniridwa ndi kagawidwe ka zipinda: akumpoto okhaokha uku, akummwera uko, pakutha pa semesita muli ndi nyumba ziwiri pansi pa denga limodzi, ndipo chisankho cha komiti chimayendera zigawo.

Za zibwenzi ndi alendo malamulo amati chiyani? Nanga mtsikana akatenga pathupi?

Anyamata ndi atsikana amagona nyumba zosiyana kapena mbali zosiyana zokhala ndi makomo akeake. Alendo amachezera pabalaza mpaka ola loikika, osalowa kuchipinda. Chifukwa chake si chiphunzitso cha Mpingo chokha. Mnzanu wa m'chipinda analipiranso, ndipo sayenera kumazungulira panja pozizira kudikira kuti mlendo wanu apite. Chibwenzi pachokha sichiletsedwa.

Funso lachiwirili mulifunse musanalowe, chifukwa yankho lake limaonetsa mtima wa nyumbayo. Kumene mtsikana woyembekezera amathamangitsidwa tsiku lomwelo, atsikana amaphunzira kubisa, ena n'kufika pochotsa mimba mobisa ndi kutaya moyo. Mpingo umene umaphunzitsa kuti moyo ndi wopatulika sungakankhire mwana wake ku njira imeneyo. Zoyenera ndi kumuyambitsa sikelo msanga, kumuperekeza pokauza makolo ngati akuopa, kumuthandiza kukambirana ndi sukulu za mayeso kapena kupuma kwa kanthawi, ndipo ngati nyumbayo singathe kusunga khanda, kumupezera malo ena asanasamuke. Mnyamatayo, ngati ali wa m'gulu lomwelo, nayenso aitanidwe.

Mwana wathu akayamba mowa, kubetcha kapena kusokonezeka maganizo, adzaoneka?

Ubwino waukulu wa kudyera pamodzi ndi umenewu: mpando wopanda munthu umaoneka. Zizindikiro ndi kujomba ku chakudya ndi ku kalasi, kugona usana wonse kapena kusagona konse, kusiya kusamba, kukongola kwa aliyense, kugulitsa foni kapena laputopu. Kubetcha mpira pa foni n'kovuta kukugwira chifukwa sikununkha ngati kachasu, ndipo ena amaika fizi yonse poganiza kuti abweza zimene zapita.

Wa m'chipinda akaona zotere kwa sabata ziwiri auze woyang'anira. Kumeneko si ukazitape. Mnzanu akanena zofuna kudzipha, kapena ayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika, musamusiye yekha, chotsani mankhwala ndi zingwe, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mzuzu ili ndi mwayi pa nkhaniyi, pakuti a St John of God ali ndi chipatala cha matenda a maganizo, uphungu ndi chithandizo cha omwerekera. Pemphero liyende limodzi ndi chithandizocho. Kumumanga munthu wodwala n'kumamufuulira usiku wonse kuti ziwanda zituluke kumangochedwetsa mankhwala.

Wondizunza akakhala wamkulu wa nyumba yomweyo, kapena wa mu Mpingo, ndikanene kuti?

Pakhoma pakhale mayina ndi manambala a anthu awiri akunja kwa nyumba olandira madandaulo, m'modzi wa iwo wamkazi. Ngati palibe, funsani chifukwa chake. Mutha kupita kwa bambo mfumu wa parishi, ku ofesi ya dayosizi, kapena ku ofesi yoona za ophunzira pa sukulu yanu. Kugwiriridwa, kugwidwagwidwa ndi kuopsezedwa ndi milandu ya boma: pitani ku Victim Support Unit ya polisi, ndipo lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana. Wogwiriridwa afike kuchipatala asanathe maola 72 kuti alandire PEP, mankhwala oteteza ku HIV, ndipo ngati n'kotheka asasambe kapena kuchapa zovala asanaonedwe. Sungani mauthenga a pa foni. Wokuuzani kuti mukhale chete poteteza mbiri ya Mpingo akukunamizani.

Malo atadzaza, ife ophunzira tingayambitse yathu?

Mungathe. Yambani ndi anthu 6 mpaka 10. Ochepera apo lendi imalemera, ochulukira apo mphika umodzi sukwana. Kambani ndi bambo mlangizi kapena bambo mfumu musanapeze nyumba, ndipo pemphani banja limodzi la mumphakati kuti likhale makolo anu oyang'anira. Lembani malamulo osapitirira tsamba limodzi, aliyense asaine. Pangano la lendi lisainidwe ndi anthu awiri kapena atatu, chifukwa likakhala la m'modzi, iye akawidedwa kapena kumaliza sukulu nonse mumasanduka alendo. Sakanizani zaka: nyumba ya achaka chachinayi okhaokha imafa tsiku la gradueshoni. Tsiku lolowa, jambulani zithunzi za makoma, mawindo, mipopi ndi manambala a mita, landilodi ali pomwepo.

Pa holide katundu tingamusiye?

Zimatengera pangano. Eni nyumba ena amalowetsa anthu ena pa holide, monga ophunzira a ODL, ophunzirira kutali, amene amabwera pa sukulu kwa masabata ochepa, ndiye funsani ngati chipinda chanu chikhalabe chanu komanso ngati mulipira lendi yonse kapena theka. Laputopu, masatifiketi ndi chiphaso pitani nazo. Zotsala muike m'chikwama chokhoma cholembedwa dzina, pa matabwa kutali ndi khoma, ndipo zilembedwe m'kope la woyang'anira. Ufa wotsala mugawane kapena mupereke ku mphakati, pakuti mukabwerera mudzapeza wachita chuku ndipo makoswe amanga mudzi.